Wasayina ndiye mwini nkhani

Mukakhala nawo mu komiti yosungitsa mwambo pa ntchito, simuchedwa kuona kuti anthu olakwa zosiyana amadziteteza ndi mawu ofanana. Wina amati, "Abwana anandiuza pa foni." Wina, "Ine ndinangosayina, zinali zitakonzedwa kale." Wina, "Tinagwirizana tonse ku msonkhano." Wina amangoloza kudenga n'kuti, "Zinachokera kumwamba." Kawirikawiri anthuwa sakhala akunama. Foni inaliradi, msonkhano unachitikadi. Koma pa tebulo la komiti pamakhala pepala, ndipo papepalapo pali dzina limodzi ndi tsiku. Foni ija siioneka, ndipo amene anaimba akafunsidwa amati sakukumbukira.

Ndikulembera inu amene mwangopatsidwa kumene mphamvu zosayina. Mwina mwakwezedwa kukhala kapitawo, mwina mwalandira makiyi a nyumba yosungira katundu, mwina mwaikidwa mu komiti yogula zinthu, kapena ndinu wa ku akawunti amene vawucha, pepala lolola kuti ndalama zituluke, imayambira m'manja mwanu. Ntchito mukuidziwa. Chimene ku koleji sanakuuzeni n'chakuti aliyense ali ndi kachitidwe kake pogamula nkhani, ndipo kachitidwe kalikonse kali ndi malo ake ogwera. Tsiku lofunsidwa palibe adzafune kudziwa kuti ndinu wofatsa kapena wachangu. Adzafuna kudziwa kuti munasayiniranji.

1. Yambani ndi kudziwa mmene inuyo mumagamulira. Mu 1995 akatswiri awiri a ku America, Susanne Scott ndi Reginald Bruce, anatulutsa kafukufuku wogawa kagamulidwe ka anthu m'mitundu isanu. Pali wosanthula, amene amafuna manambala ndi mapepala onse asanatsegule pakamwa. Pali womvera mtima, amene amati china chake chikundiuza. Pali wodalira ena, amene sasuntha asanafunse. Pali wozemba, amene amadikira kuti nkhani ithe yokha. Ndiye pali wopupuluma, amene amafuna zichoke pa tebulo lake lero lomwe. Palibe munthu wa mtundu umodzi wokhawokha, koma zinthu zikathina umodzi umatulukira poyera. Musadzifunse kuti ndinu munthu wotani, chifukwa aliyense amadziyesa wosanthula. Tsegulani kabati muone mafayilo a mwezi watha. Ndi iti inagona nthawi yaitali, ndipo inkadikira chiyani? Ndi iti munasayina muli chiimire? Ndi iti munapita nayo kwa abwana pamene inali m'mphamvu zanu kuimaliza?

2. Wosanthula amalemekezedwa pa ntchito, ndipo n'koyenera kutero. Vuto lake n'lakuti zofuna kudziwa sizitha. Herbert Simon, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 1978, anaonetsa kuti m'mabungwe palibe amene amakhala ndi nthawi yoyesa njira zonse. Anthu amayamba aika muyezo wa zomwe zingakwanire, ndipo akapeza njira yofika pamuyezowo amaitenga. Inunso chitani dala zomwezo. Musanayambe kufufuza, lembani zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe yankho liyenera kukwaniritsa, ndi tsiku lomwe mudzagamule ngakhale zina zisanadziwike. Pogula katundu wa ndalama zochepa, ndondomeko imafuna makotesheni atatu, ndiye kuti mitengo yolembedwa yochokera kwa ogulitsa atatu osiyana. Atatuwo akakwana, ndipo mwatsimikiza kuti ndi ogulitsa enieni osati munthu mmodzi wa zidindo zitatu, wachinayi ndi wachisanu sakuwonjezerani chitetezo chilichonse. Kumbukiraninso kuti kotesheni ili ndi masiku ake. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo fayilo iliyonse yogula katundu wochokera kunja imene inali chigonere kudikira kuganiziridwanso inadzuka mitengo itasintha. Bajeti yomwe inkakwana sinakwanenso. Kuchedwa nako kuli ndi mtengo, ndipo mtengowo umalembedwa pa dipatimenti ya wochedwayo.

3. Womvera mtima musamunyoze. Gary Klein anafufuza akuluakulu a ozimitsa moto ku America ndipo anapeza kuti pa ngozi sakhala pansi kuyerekeza njira zingapo. Amaona moto, amazindikira kuti ukufanana ndi wina umene anakumana nawo kale, amayesa m'mutu njira yoyamba imene yawabwerera, ndipo ikaoneka kuti igwira amachita yomweyo. Mu 2009 Klein analemba nkhani limodzi ndi Daniel Kahneman, munthu amene ankakayikira kwambiri nzeru zamtunduwu, ndipo awiriwa anagwirizana kuti zomwe mtima ukunena zimadalirika pakakhala zinthu ziwiri: ntchitoyo ikhale ya zizindikiro zobwerezabwereza, ndipo munthuyo akhale kuti wakhala akuona msanga zotsatira za zomwe anasankha. Makaniko amene wamva kulira kwa injini zambirimbiri akati vuto ndi pampu, mumvereni. Namwino wakale akati mwana uyu sakundisangalatsa, thamangani. Koma mukacheza ndi munthu theka la ola pomulemba ntchito n'kumva kuti nkhope yake ndi yokhulupirika, palibe chomwe mwadziwa. Ndipo inu amene mwangolowa kumene paudindo, mtima wanu unaphunzira ntchito yakale ija, osati ino. Pakadali pano ugwiritseni ntchito mbali imodzi. Ukakuuzani kuti imani, imani mufunse. Ukakuuzani kuti zili bwino, werenganibe pepalalo mpaka pansi.

4. Wopupuluma amathandiza ofesi kuyenda, ndipo pa nkhani zambiri amakhala akulondola. Kusintha ndandanda ya ogwira usiku, kusuntha madesiki, kuyesa njira yatsopano yosungira mafayilo, zonsezi zikalakwika mumabweza mawa. Musazitayire sabata. Zomwe sizibwezeka ndi zinayi: ndalama zikatuluka, kontirakiti ikasayinidwa, munthu akachotsedwa ntchito, kalata ikapita kunja kwa bungwe. Pa zinayizi changu chanu ndi chimene ena amadyerapo.

Taganizani lole yafika ndi simenti nthawi yoweruka itayandikira. Pepala lobweretsera katundu likuti matumba 200. Dalaivala injini sanazimitse, akuti akuthamangira ku depoti asanatseke geti. Anyamata otsitsa atopa, akuunjika matumba mwachisawawa, ena kuseri kwa chitseko. Wothandiza dalaivala wakutambasulirani buku, cholembera wakupatsani kale, chala chake chili pamzere woti musayine. Mukasayina pamenepo, matumba 200 alowa m'dzina lanu. Awuzeni awaunjike khumikhumi, muwerenge nokha. Mukapeza 188, lembani 188 pa makope onse, dalaivala asayine pambali pa nambalayo, mujambule pepalalo ndi foni. Adzadandaula, mwina adzakutchulani ovuta. Zimenezo zimatha lole ikatuluka. Matumba 12 osowa satha, amadikira tsiku lowerenga katundu, ndipo tsikulo dalaivala kudzakhala kulibe. Munthu akakuuzani kuti n'zachangu, sayinani kaye mapepala abwera pambuyo, dziwani kuti mapepala ambiri otere sabwera.

5. Wodalira ena ndiye wochuluka m'maofesi mwathu, ndipo ndikumumvetsa. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, kuti safunsa anadya phula. Kufunsa n'kwabwino. Koma kufunsa nzeru ndi kwina, kutula nkhani ndi kwina. Mukalowa kwa abwana ndi fayilo n'kunena kuti, "Bwana, apa ndipange bwanji?" mwatula nkhani, koma simunatule udindo, chifukwa mubwerera ku desiki kukasayina nokha. Lowani ndi maganizo anu kale: "Bwana, njira zilipo ziwiri. Ine ndikuona kuti titenge yoyamba pa zifukwa izi. Pali chimene sindikuchiona?" Mukatero mumaphunzira, abwana amayamba kukudalirani, ndipo zikadzavuta mudzatha kufotokoza chifukwa chake popanda kuloza munthu.

Povuta ndi pamene lamulo labwera pakamwa. Abwana aimba foni kuti lipirani kampani yakuti lero, pamene katundu sanafike. Musakangane pa foni. Mukangodula, lembani uthenga pa imelo kapena pa memo, kalata ya m'kati mwa ofesi, mwaulemu ndiponso mosabisa: "Bwana, potsatira zomwe mwandiuza pa foni lero m'ma 10 koloko, ndikukonza malipiro a kampani yakuti, ndalama zakuti. Ndimati mudziwe kuti katundu sanafike ndipo pepala lolandirira katundu palibe. Chonde nditsimikizireni polemba kuti ndipitirize." Sungani kope pamalo pomwe mudzalipeze ngakhale atakusamutsani. Bwana wa zolinga zabwino amayankha, mwinanso n'kufotokoza chimene simunkachidziwa. Wa zolinga zina amakhala chete kapena amaimbanso foni kufunsa kuti mwalemberanji. Yankho lililonse mwa awiriwa lakuuzani zoyenera kuchita.

Musanamizidwe kuti kalata ya abwana imayeretsa chilichonse. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, pa ndime 59, limalola kuchotsa munthu nthawi yomweyo chifukwa chokanira dala malamulo a womulemba ntchito, koma limanena za malamulo ovomerezeka. Lamulo loti mulipire katundu amene kulibe si lovomerezeka, ndipo mukalitsatira, kalata ija imangowonjezera munthu wachiwiri pamlandu, sikuchotsanipo inu. Nkhani ya Cashgate imene inaphulika mu Seputembala 2013 inayenda motero. Makampani analipidwa popanda katundu kapena ntchito imene anagwira, zolembedwa zina zinafufutidwa mu IFMIS, makina a boma oyendetsera malipiro, ndipo kampani yofufuza mabuku ya Baker Tilly inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Cheke chilichonse chinadutsa m'manja mwa anthu angapo, wokonza, woona, wovomereza. Omwe anamangidwa sanali akuluakulu okha. Munalinso antchito a m'munsi a m'maofesi a zachuma. Mizere itatu yosayinapo pa vawucha anaiika kuti aliyense ayang'ane payekha, osati kuti wachitatu adalire wachiwiri, wachiwiri adalire woyamba.

Mukafika pokana, kanani ndondomeko, musakane munthu. Musanene kuti, "Izi ndi zakuba." Nenani kuti, "Bwana, malamulo a zachuma sakundilola kusayina popanda pepala lolandirira katundu. Likabwera ndisayina nthawi yomweyo." Akakakamirabe, pali wofufuza mabuku wa m'bungwe mwanu, pali bodi, ndipo pa nkhani za katangale pali bungwe la ACB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Corrupt Practices Act la 1995. Sindikunamizani kuti kukana kulibe mtengo. Mukhoza kusamutsidwa, kuiwalidwa pa maphunziro ndi maulendo, kapena kusalonjeredwa bwino kwa miyezi. Yesani mtengo umenewo ndi wa kuima m'khoti dzina lanu likuwerengedwa papepala, ana anu akumva pa wailesi.

6. Wozemba amadziona ngati wosamala. Fayilo ili pa tebulo, wobwera akuuzidwa kuti tikuziona, bwerani mawa. Ngati akungogwirizira udindo, ndiye amati tidikire eni ake. Koma nkhani siidikira. Layisensi imatha, matenda a wodwala amakulirakulira, wantchito wabwino amene pempho lake silinayankhidwe amapita kwina. Fayilo imakhala ndi tsiku lomwe inafika pa desiki panu, ndipo ofufuza amawerenga masiku. Ngati nkhani yaposa mphamvu zanu, itumizeni kwa woyenera lero, ndi mzere umodzi wonena maganizo anu. Ngati ikudikira chinthu, lembani pachikuto kuti ikudikira chiyani, kwa ndani, mpaka liti. Ngati yankho ndi ayi, muuzeni munthuyo kuti ayi, akayese kwina nthawi ikadalipo.

Pali malo amodzi pomwe mitundu yonseyi imabisala pamodzi, ndipo ndi mu komiti. Usiku wa pa 27 Januwale 1986, mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol ku America analangiza bungwe la NASA kuti lisaulutse chombo cha Challenger, chifukwa mphira zotseka molumikizira maroketi zinkauma kukazizira. Iwo anati chisanyamuke kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 12, pamene m'mawa mwake kunkayembekezeka kuzizira kwambiri kuposa pamenepo. Mmodzi wa iwo, Roger Boisjoly, anali atalemba kale memo yochenjeza za mphirazi mu Julayi 1985. Akuluakulu a NASA sanakondwe ndi malangizowo. Mabwana a kampaniyo anapempha kuti akambirane kaye paokha, ndipo pobwerera anali atasintha maganizo. Allan McDonald, amene ankaimira kampaniyo pamalo oulutsira chombo ku Florida, anakana kusayina chikalata chovomereza. Anasayina bwana wina, Joe Kilminster. Pa 28 Januwale chombocho chinasweka patangotha masekondi 73 chinyamukire, ndipo anthu onse asanu ndi awiri anafa. Kukana kwa McDonald sikunapulumutse munthu, ndipo atauza komiti yofufuza ngoziyo zomwe zinachitika usiku uja, kampani yake inamuchotsa pa udindo wake kwa kanthawi. Koma chifukwa panali memo ya Boisjoly ndi umboni wa McDonald, zoona zinadziwika, ndipo McDonald yemweyo ndiye anatsogolera ntchito yokonzanso maroketiwo.

Komiti yanu yogula zinthu siiulutsa chombo, koma kayendedwe kake ndi komweko: wamkulu waonetsa mbali yomwe akufuna, ena ayang'ana pansi, mlembi walemba kuti komiti inagwirizana. Kukhala chete kumalembedwa ngati kuvomera. Ngati simukugwirizana nazo, nenani kamodzi momveka, perekani chifukwa, kenaka pemphani wapampando kuti maganizo anu alowe m'maminitsi, zolembedwa za msonkhano. Pa msonkhano wotsatira werengani maminitsiwo asanavomerezedwe, ndipo ngati mawu anu mulibe, imikani dzanja. Ngati mmodzi wa opikisana ndi mbale wanu, mlamu kapena mnzanu wa bizinesi, nenani msonkhano usanayambe, mutuluke, ndipo kutulukako kulembedwe. Ndipo msonkhano usatsekedwe musanamve mayankho a mafunso atatu: tamanga mfundo yanji, achita ndani, pofika liti. Mfundo yopanda dzina la munthu siichitika, ndipo ikalephereka amafunsidwa wamng'ono amene analipo.

7. Tsiku lina mudzagamula molakwika. Aliyense amene amagamula zinthu zimamuchitikira. Zomwe muchite m'maola oyamba ndi zimene zidzanene ngati ili nkhani yokonza kapena mlandu. Pitani kwa abwana nokha, asanamve kwa wina. Nenani zinthu zinayi motsatana: chachitika n'chiyani, munasankha chiyani, munkadziwa zotani panthawiyo, ndipo mwayamba kuchitapo chiyani. Gwiritsani ntchito mawu akuti "ndina". "Ndinavomereza malipirowo ndisanaone kuti nambala ya akawunti yasintha" ndi chiganizo chimene munthu angagwirepo ntchito. "Panachitika kusamvetsetsana" sichithandiza aliyense, ndipo womva amayamba kukayika kuti mukubisa zina. Ngati ena anatengapo mbali, tchulani zomwe anachita monga mmene zinalili, popanda kuwonjezera kapena kuwabisa.

Mapepala musawakhudze. Osabweza tsiku m'mbuyo, osalowetsa kotesheni yatsopano mu fayilo yakale, osang'amba tsamba, osafufuta. Kulakwitsa kumakhululukidwa kawirikawiri, koma kusintha zolembedwa ndi mlandu wina wapadera, woposa woyamba uja. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha Meyi 2019, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex. Pepala lofufutidwa silikhulupirikanso, ngakhale nambala yatsopanoyo itakhala yoona. Pokonza cholakwika, dulani mzere umodzi kuti zakale zizionekabe, lembani zoona pambali, musayine ndi kuika tsiku la lero.

Mukaitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo, dziwani kuti ndime 57 ya lamulo la ntchito lija imati munthu asachotsedwe ntchito pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo nkhani ikafika ku khoti la za ntchito la Industrial Relations Court, wolemba ntchito ndiye ayenera kuonetsa kuti chifukwa chinali chomveka. Pemphani kuti milandu ilembedwe, pemphani nthawi yokonzekera, pitani ndi makope anu. Apa ndi pamene kabuku kakang'ono kamapulumutsa munthu. Pa nkhani iliyonse yaikulu lembani mizere itatu tsiku lomwelo: zomwe munkadziwa, njira zomwe zinalipo, chifukwa chomwe munasankhira iyo. Chosankha chabwino chikhoza kubala zoipa chifukwa mvula yagumula mlatho kapena wogulitsa wagwa. Komiti yachilungamo imasiyanitsa zimenezo ndi kusasamala, koma imasiyanitsa pokhapokha mukaionetsa zomwe zinali patsogolo panu tsiku limenelo, osati zomwe mukukumbukira lero.

8. Posachedwa mudzakhala inu woimba foni uja. Mukatuma wa pansi panu, muuzeni malire: mpaka ndalama zakuti gamula wekha, kupitirira apo bwera kwa ine. Akagamula m'malire amenewo n'kulakwitsa, kwa akuluakulu mukayankhe ndinu, chifukwa munamutuma ndinu. Kumudzudzula muchitire mu ofesi chitseko chili chotseka. Amene wabwera yekha kudzaulula cholakwa musamukalipire pagulu, chifukwa ena onse akuonerera, ndipo cholakwa chotsatira mudzachimvera kwa ofufuza mabuku. Wopupuluma wanu mupatseni ntchito zobwezeka, wosanthula mupatseni tsiku lomalizira, wodalira ena muzimubweza ndi funso lakuti iweyo ukuona bwanji. Ndipo kalaliki wanu akadzakulemberani kuti, "Bwana, chonde nditsimikizireni polemba," musamuone ngati wamwano. Yankhani tsiku lomwelo. Ngati mwapeza kuti dzanja likukana kulemba zomwe munanena pa foni, muimbireninso mumuuze kuti aimitse malipirowo.